Musananene kuti kulibe ndiwo, yambani mwasuzumira m'nyumba

Lero ndilemba zambiri, ndiye amene bandulo yake yatsala pang'ono awerenge mofulumira. Ena mukwiya nane. Palibe kanthu, tikakumana kuchigayo tidzapatsana moni basi.

Nkhani yanga ili pa mawu atatu awa: "Kuno kulibe ndiwo." Mawu amenewa atha chimanga chambiri m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi kuposa nankafumbwe. Uno ndi Juni, tangokolola kumene, m'nyumba zina mulibe ndi poponda pomwe. Koma tayendani khomo ndi khomo dzuwa likapendeka, mumva mawu omwewa. Akangonenedwa, mwana wanyamula beseni la chimanga ulendo kwa venda wa sikelo kumsewu. Pobwera ali ndi kapaketi ka soya pieces, mafuta a m'kachubu ndi tomato atatu. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ikadzakwana Januwale tidzayamba kuloza kumwamba kuti mvula yatilakwira chaka chino.

M'nyumba yomwe mwatuluka beseniyo talowani muone. Pakona pali maungu khumi, awiri ayamba kale kuola kumunsi. Kunsi kwa bedi kuli mbatata ikumera. Kuseri kwa chitseko kuli thumba la mtedza, theka la ndowa ya nyemba zimene anankafumbwe akuchitiramo msonkhano, soya amene akudikira venda, ndi nthochi zapsa mpaka kuda. Kumunda nkhwani ndi khwanya zinaumira pomwepo osathyoledwa, mbuzi ndiye zathokoza. Ndiye munthu n'kuima pakhomo kuti kulibe ndiwo? Nenani zoona aNaphiri, nenani zoona aNabanda: zimene kulibe ndi ndiwo za m'sitolo.

Tikumbutsane za dzulodzulo lomweli. Mu 2024 boma linaika mtengo wogulira chimanga kwa mlimi pa K650 pa kilo, ndiye kuti K32,500 thumba la makilo 50, ndipo tonse tikudziwa kuti masikelo a m'mbali mwa msewu ambiri sankafika ndi pamenepo pomwe. Pofika Febuluwale 2025 thumba lomwelo linadutsa K80,000 m'misika yambiri. Werengerani nokha. Amene anagulitsa ndowa zisanu pokolola kuti agulire ndiwo, kuti abweze ndowa zisanu zomwezo nthawi ya njala anafunika ndalama ya ndowa khumi ndi ziwiri. Wakatapila timamunyoza kuti alibe chisoni, koma uyu ndi katapila wodzikongoza wekha, kudzilipiritsanso wekha.

Ine ndikuti chakudya cha m'nyumba chili ndi mzere ngati kuchipatala. Wodwalitsa ndiye amayamba kulowa kwa adokotala, wamphamvu amadikira pabenchi. Dzungu silingafike Disembala. Mbatata ya pamtunda singafike Okutobala. Nthochi yakupsa singafike Lamulungu. Chimanga chouma bwino chikhoza kudikira chaka chathunthu. Nanga bwanji ife timayamba ndi wamphamvuyo, kuphika nsima masana ndi madzulo kuyambira Epulo, pamene odwalitsawo akufera pakona? Makolo athu ankadziwa mzere umenewu. Dowe ndi maungu ndiye ankatsekulira chaka, kenako mbatata ndi zinangwa nthawi yozizira, kenako mbatata ya m'nkhuti ndi mfutso nthawi ya dzuwa, mango mvula ikamayamba, bowa ndi ngumbi ikagwa. Nkhokwe inkatsekulidwa mwaulemu, ndipo inkafika nawo ku dowe wina.

Tiyambe ndi maungu. Dzungu lothyoledwa ndi kaphata kake, losagwetsedwa pansi, likaikidwa pathandala pamthunzi podutsa mphepo limakhala miyezi. Limene lavulala kapena lafewa mbali ina, limenelo ndi la lero lomwe. Lisendeni, liduleni, liphikeni ndi timadzi pang'ono, likafewa thirani nsinjiro ndi mchere, takasani. Futali wapsa. Palibe mafuta, palibe shuga, palibe tomato, ndipo mwana akadya masana sakufunsaninso nsima mpaka madzulo. Nthanga zake musatayire nkhuku zonse. Ziyanikeni, zina za mbewu, zina mukazinge n'kusinja, zimatendera ndiwo ngati mtedza.

Mbatata nayo chimodzimodzi. Yotemedwa ndi khasu pokumba idyedwe sabata yomweyo, kapena isendedwe, idulidwe mopyapyala, iyanikidwe pamphasa kuti ikhale makaka. Dzuwa la Ogasiti ndi Seputembala silifuna ndalama. Yabwinobwino, yosakalika, ikumbireni nkhuti pamalo okwera posafika madzi, muyale udzu wouma, muziwaza phulusa pa mndandanda uliwonse, muvundikire. Mudzaifukula mu Okutobala itatsekemera ngati mwathira uchi, nthawi imene buledi ndi sikono zikulanda ndalama za anthu pamsika wa Mponela ndi Malomo. Masiku ano alangizi anatibweretseranso mbatata yofiira m'kati monga Kadyaubwerere ndi Zondeni, imene ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi thupi la mwana. Tinailandira ndi manja awiri, tinaibzala, koma ambiri timaigulitsa yonse pamsewu n'kugulira ana zigege.

Pakhomo panga tilipo asanu ndi awiri, kuphatikizapo zidzukulu. Kuyambira Epulo mpaka Julayi masana timadya futali, mbatata yowiritsa kapena maungu, nsima n'ya madzulo. Pamiyezi imeneyi ndimapulumutsa matumba awiri a chimanga. Matumba awiri kwa ine ndi masabata asanu ndi limodzi, kuchokera pakati pa Januwale mpaka kutha kwa Febuluwale. Amene analimapo akudziwa kuti masabata amenewa ndi ati. Ndi aja amene munthu amasiya munda wake uli ndi tchire n'kukapalira wa mnzake kuti alandire kambale ka ufa. Munda wako ukaphonya kupalira ndi kubandira, chaka chinacho ukololanso zochepa, ganyu yemweyo akudikira. Njala ya chaka chamawa imayambira pa dzungu limene laola pakona lero.

Tsopano ndifike pamene ambiri mundidere: mgaiwa. Ndikudziwa zimene timanena, kuti mgaiwa n'ngwa kundende, wa kusukulu yogonera konko, wa anthu ovutika. Chabwino. Koma tayezani nokha tsiku lina. Tengani ndowa zitatu za chimanga, mukakonole, mupete, muviike masiku atatu, mutsuke, muyanike, mukagayitse. Ufa woyera umene mubwere nawo ufananitseni ndi ndowa zitatu zija. Ine ndinayeza: pafupifupi ndowa imodzi yathunthu imapita ku gaga ndi kumadzi otsukira, makamaka chikakhala chimanga cha haibulidi chofewa chija, chimene chimanyenyeka pokonola kusiyana ndi cha makolo. Pakhomo panga thumba la makilo 50 likakhala la ufa woyera limatha masabata awiri, likakhala la mgaiwa limafika masabata atatu. Pachaka ndiye matumba 26 uku, 18 uku. Matumba asanu ndi atatu kusiyana kwake! Ndi angati m'mudzi muno amene ali ndi matumba asanu ndi atatu ongoseweretsa?

Ndipo gaga ameneyu timamusiya kuchigayo kapena kumugulitsa motaya kwa oweta nkhumba ndi otcheza kachasu. Mu Febuluwale ife tomwe timabwerera kuchigayo komweko ndi kathumba m'manja, mutu uli pansi, kukagula madeya oti tisakanize ndi ufa. Mtima wa chimanga, umene uli ndi mafuta ndi mphamvu, tinaupereka kwa nkhumba mu Juni chifukwa cha manyazi, ndiye tikukaupempha kwa nkhumba zomwezo mu Febuluwale. Ena mukuti mgaiwa sukhalitsa, umayamba kuwawa. N'zoona, chifukwa cha mafuta omwewo. Gayitsani wa masabata awiri, ukatha mukagayitsenso. Ena mukuti mimba zanu sizinazolowere. Yambani ndi kusakaniza, theka woyera theka mgaiwa, kapena ingokonolani pang'ono osaviika. Ufa woyera sindikuuletsa. Pakabwera apongozi, pa Khrisimasi, pa chinkhoswe, phikani yoyera ngati thonje. Koma tsiku ndi tsiku, pakhomo pokolola matumba khumi ndi asanu, kumeneko ndi kudzionetsera kwa anthu amene sadzakupatsani ndi chitsononkho chomwe njala ikadzafika. Misere yotsala popeta nayonso si ya nkhuku zokha. Iphikeni ngati mpunga, muthire nsinjiro, ana anyamule kusukulu.

Nanga mfutso unatilakwira chiyani? Mu Febuluwale ndi Malichi masamba amachita kutithamangitsa m'munda: nkhwani, khwanya, chitambe, chisoso, bonongwe, luni, denje. Timathyola za tsiku limenelo basi. Amayi athu ankathyola madengu, kuwafutsa pang'ono m'madzi owira othira kamchere, kuyanika pamphasa mpaka kuuma kuti gwa, n'kumanga zikwatu ndi masamba a msuku, kupachika kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Azaumoyo amati kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga bwino mphamvu ya masambawo kusiyana ndi padzuwa lamphamvu, ndipo ine ndaona kuti mtundu wake umakhalanso wobiriwira. Pakhomo pokhala zikwatu khumi, Okutobala ndi Novembala sakhala miyezi yoopsa. Mfutso wa khwanya wotendera bwino, wothira chidulo cha phulusa la makoko a mtedza kapena zitsononkho, ndani angaukane ali ndi njala yeniyeni? Lero mtsikana akamanga chikwatu anzake amamuseka kuti wakalamba msanga. Oseka omwewo mu Okutobala ali pamzere kudimba la eni kugula mpiru timitolo titatu tosakwana ndi poto mmodzi.

Tomato naye timamuona akuolera m'madengu m'mbali mwa msewu wa Salima ndi wa M1 nthawi imene wachuluka, mpaka ogulitsa kumachita kukukakamiza. Mvula ikafika pachimake amasowa, mmodzi yekha mtengo wa mulu wonse. Kumudula mopyapyala, kuwaza kamchere, kuyanika palichero ndi kusunga m'botolo louma n'kovuta pati? Bowa wa m'nkhalango ya Ntchisi amene mumamudziwa bwino, ngumbi, therere, zonsezi zimauma n'kusungika. Nyumba ya mlimi siyenera kusowa chopachika kudenga.

Za soya ndiye zimandiwawa kwambiri. Maboma athu awiriwa timalima soya wambiri, magalimoto amachita kupanga mzere ku Madisi, ku Mponela ndi ku Ntchisi boma kudzanyamula. Akafika naye kufakitale amamufinya, mafuta n'kutigulitsa m'botolo. Zotsala pofinyapo amazikonza, kuziika m'paketi yokongola n'kutigulitsanso kuti soya pieces. Mbewu imodzi, yolima ife, tagulitsa kamodzi motchipa, tagula kawiri modula. Kusiya ndowa ziwiri zokha pakhomo kungatiphe? Mukazingeni soyayo mpaka fungo la uwisi lithe, mumupere pang'ono makoko achoke, mupete, musakanize mbale imodzi ya soya ndi mbale zinayi za chimanga, mukagayitse. Limenelo ndi phala lofanana ndi Likuni Phala amene timamuimira pamzere kusikelo ya ana. Mtedza chimodzimodzi. Nsinjiro ndiwo mafuta athu a makolo. CG7 ali ndi mafuta ambiri moti ndiwo zotendera naye sizifunanso kachubu. Nyemba zimene zayamba kuboola musadikire kuti zisanduke ufa. Ziviikeni usiku, m'mawa muchotse makoko, muphike chipere. Kuviika nyemba usiku kumachepetsanso nkhuni, ndipo nkhuni masiku ano tonse tikudziwa mtunda umene tikuziyendera.

Ndibwere pa mthiko, chifukwa ine ndine woutakasa. Amayi anzanga, timaphika ndi maso, osati ndi mutu. Pakhomo pa anthu asanu, nsima ya anthu asanu ndi atatu, poopa kuti angatinene kuti ndife oumira. Yotsalayo m'mawa ili kwa galu kapena kudzala. Mkute unakhala chamanyazi liti? Ife tinapita kusukulu titadya mkute wootcha pamakala, ndipo tinkafika mpaka masana osakomoka. Nsima yotsala ivundikireni bwino, m'mawa muiwotche itenthe mpaka m'kati, kapena muiphwanyire m'madzi owira ibwerere kukhala phala, muthire nsinjiro. Nkhoko za mumphika ziviikeni zilowe m'phala la thobwa. Nthochi zakupsa kwambiri zisakanizeni ndi mgaiwa, kamchere ndi soda pang'ono, muike mumphika, makala pansi makala pamwamba, chigumu chapsa cha ana onse. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, nayo nsima yogonera inalera mtundu wonse uno.

Pa maliro, pa ukwati ndi pa ziliza ndiye timataya mopanda mantha. Mundimvetse bwino, a mfumu ndi inu akuluakulu. Sindikuti adzukulu okumba manda asadye, kapena alendo ochokera kutali abwerere ndi njala. Mwambo ndi mwambo. Koma tonse taonapo madengu a mitanda yotsala akupita kukhola la nkhumba mwambo utatha, pamene ufawo unasonkhedwa khomo ndi khomo, ena anapereka mbale yawo yomaliza. Pakhale mayi mmodzi wamkulu woyang'anira ufa, aziphikitsa mwa magawo, anthu akadya n'kuona ngati pakufunika ina. Kumangira malemu chiliza ndi ulemu, koma malemuwo sanatilamule kuti zidzukulu zawo zidzagone ndi njala mu Febuluwale chifukwa cha phwando la mu Seputembala.

Pali malire, ndipo apa nditsindike kuti wina asadzati ndinamuuza kuti adye zoola. Chimanga chochita chuku, chobiriwira kapena chakuda m'kati, mtedza wonyala, wakuda, wowawa, zimenezo si zopulumutsa. Tili ndi chizolowezi choipa chosankha mtedza wabwino kupita nawo kwa venda, woipawo n'kusinjira ana. Chuku chili ndi poizoni amene samafa ndi moto, amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo amapinimbiritsa ana. Wabwinowo uyambe watsala pakhomo. Musanyowetsenso mtedza ndi madzi kuti usavute kuswa, chifukwa chinyezi chimenecho ndiye chimaitana chuku. Ndiwo zogona zimene zasasa kapena zayamba kununkha, tayani osanyinyirika. Kusamala chakudya ndi kuchidya chisanaonongeke, osati kuchidya chitaonongeka.

Ndipo chimanga chimene tikuti chidikire Febuluwalecho chisungidwe mwanzeru. Nkhokwe zapanja tinazisiya chifukwa cha akuba, pano chimanga chimagona nafe kuchipinda m'matumba. Chiume kaye. Mukaluma njere izilira kuti khwa. Kapena ikani njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mukhutchumule, mchere ukamamatira m'mbali ndiye kuti sichinaume. Matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma, aikeni pamitengo. Amene angathe agule matumba a PICS aja a mapepala awiri m'kati ndi saka kunja. Mukamanga pepala lililonse palokha mpweya sulowa, nankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala, ndipo thumbalo mukalisamala limagwira ntchito zaka zingapo. Koma thumba lili ndi vuto limodzi limene nkhokwe inalibe. Nkhokwe inali poyera, wopita kukatapa mudzi wonse unkamuona. Thumba la kuchipinda limatha mwakachetechete, beseni lero, beseni mawa, wina wasinthitsa ndi mbale za pulasitiki, wina ndi usipa, wina ndi kaunjika. Ndiye sokani matumba a Januwale, Febuluwale ndi Malichi, muwalembe ndi khala, banja lonse lidziwe kuti amenewa ndi manda, sakhudzidwa.

Azibambo, musaganize kuti ndakuiwalani. Theka la mabeseni amene amapita kwa venda amapita chifukwa cha inu. Mkazi waphika nkhwani wotendera bwinobwino, inu n'kukankha mbale: "Ine masamba sindidya, sindine mbuzi." Mayi uja poopa mawu atuma mwana kukagulitsa chimanga kuti mupeze kankhuku ka pa kanyenya kapena bonya. Ena mumachita kutapa nokha usiku kupita nacho kumowa ndi kokabetcha mpira. Koma Febuluwale akafika, amene sanali mbuzi uja amakhala woyamba kubudula chisoso m'munda mwa eni pobwera kuganyu. Bambo a kunyumba kuno amadya mgaiwa ndi mfutso, ndipo mpaka lero amalima mizere yawo osapuma pakati. Ulemu wa bambo uli pa kuti ana ake adya chaka chonse, osati pa fungo la mafuta lochokera kukhitchini kwake.

Tsopano inu a kutauni, ana athu, alongo athu, alamu athu a ku Area 25, Mtandire, Chinsapo ndi Kauma. Timakukondani, ndipo ndalama zimene mumatumiza pafoni zatipulumutsa kambirimbiri. Koma inunso muli ndi mbali yanu. Mukabwera kumudzi ndi ana, tikakuphikirani mfutso mumaseka, "Amayi, zimenezi mukudyabe?" Ana a kuno amamva, ndipo mawa amakana kudya. Pobwerera mumafuna thumba la ufa woyera, wokonola ndi kuviika ife, gaga n'kutsala kuno. Kumeneko nsima yotsala mumataya m'bini, ndiwo zimaolera mu fuliji magetsi akazima, mwezi ukafika pa 20 muli pa okala kugula ka walkman ka ufa. Inunso musanapite kumsika yambani mwatsekula kabati muone chimene chatsalamo. Nyemba za dzana, kabichi theka, mpunga wa dzulo, zonsezo ndi chakudya cha lero.

Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi. Ndalama imene mumatumiza mu Januwale ife titalira pafoni, tumizani theka lake mu Meyi kapena Juni. Nthawi imeneyo ndi imene timagulitsa chimanga chifukwa cha sopo, mchere, chigayo ndi fizi ya teremu yachitatu. K30,000 yofika mu Juni 2024 inkasunga thumba lathunthu m'nyumba. Yomweyo mu Febuluwale 2025 sinkagula ndi theka lomwe. Mukafuna kutigulira mphatso, tigulireni matumba a PICS m'malo mwa zakumwa za m'mabotolo. Mukatero mwadzithandiza nokha, chifukwa foni ya usiku ija ya "kuno zavuta" idzachepa.

Ndikudziwa chimene ena mwakonzeka kundiyankha. Mukuti, "Mayi inu, vuto si mkute. Vuto ndi feteleza, vuto ndi mvula, vuto ndi boma." Sindikukana. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo mtengo wa feteleza unathawa osabwereranso. Pa AIP mayina ankatuluka a ena, ena ayi. Mu Malichi 2024 a Chakwera ali Pulezidenti analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Minda nayo ikuchepa, ekala imodzi tagawana ana anayi. Amene wakolola matumba atatu, ngakhale atadya mkute tsiku lililonse, sangafike Malichi, ndipo ameneyo ngofunika thandizo, osati ulaliki wanga. Za fetelezazo tizilankhula ndithu, mokweza, kwa aphungu ndi makhansala amene tinawavotera. Koma ine ndikunena ndi inu a matumba khumi, khumi ndi asanu, makumi awiri, amene chakudya chinali chokwana koma chaka ndi chaka chimathera mu Disembala. Mtengo wa feteleza sitiika ndife. Mvula sitigwetsa ndife. Koma dzungu la pakona, beseni la kwa venda ndi kukula kwa mphika, zimenezo zili m'manja mwathu, ndipo palibe nduna imene idzabwere kudzatiyezera ufa.

Mukutinso ndalama imafunika, munthu sangasambe chimanga. Zoona. Gulitsani fodya, soya, mtedza wotsala mutapatula wa pakhomo, nkhuku, mbuzi. Lowani banki m'khonde. Chimanga chikhale chomaliza, ndipo musanagulitse khalani pansi awiri muwerenge: tilipo angati, thumba limatha masabata angati, kufika Malichi ndi matumba angati. Chapamwamba pa chiwerengero chimenecho ndiye malonda. Chapansi pake ndi moyo wa ana.

Ife amene tinaona 2002 ndi maso athu sitifuna kuuzidwa. Tinaona anthu akulimbirana gaga pachigayo, akukumba zitsa za nthochi kuti asinje, ena akumenyedwa koopsa chifukwa cha chimanga chachiwisi chimodzi chothyola m'munda mwa eni. A Muluzi anadzalengeza za ngoziyo kumapeto kwa Febuluwale, maliro atayamba kale m'midzi. Ndipo tonse tinamva chimene chinakulitsa njala imeneyo: chimanga chosungira dziko m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Tinakwiya, mpaka lero timaikambabe. Nanga ife tikamagulitsa nkhokwe ya pakhomo mu Juni kuti tigule kachubu ka mafuta, tikusiyana pati ndi amene tinawakwiyira aja? Ana obadwa pambuyo pake sakudziwa zimenezi, ndiye amaseka chikwatu. Ife odziwa tikakhala chete, mlandu ndi wathu.

Ndiye ntchito ndi iyi, ndipo sifuna ndalama. Sabata ino, masiku asanu ndi awiri, pasatuluke beseni la chimanga pakhomo panu, ndipo musagule ndiwo kupatula mchere. Lowani m'nyumba ndi nyali, mutulutse zonse zili pakona, kunsi kwa bedi ndi kudenga, muziike pamphasa. Choyamba kuola chikhale choyamba kulowa mumphika. Mbatata ikadalipo, kumbani nkhuti mwezi uno usanathe. Kholowa ndi mpiru wa kudimba zikachuluka, futsani. Amene sadziwa kumanga chikwatu kapena kutcheza chidulo asachite manyazi, agogo akadalipo m'midzi muno, afunseni akadali ndi moyo. Sabatayo ikatha mudzandiuze ngati pakhomo panu wina anagona ndi njala.

Amene zamuwawa andikhululukire, koma asaleke kuwerenga matumba ake. Muwawerengerenso ena amene alibe foni.